Kusankhira Ana Athu Kawailesi ka Nthano

Mau amene analankhulidwa pa chikondwerero cha Amai a Mvano m'boma la Chiradzulu

 Ndikuthokoza akomiti pondipatsa danga loti ndilankhule pa tsiku lalikulu lotere. Mutu umene anandipatsa ndi wa tizipangizo tolankhula, timene makolo ayamba kugulira ana ao ang'onoang'ono kuti azimverapo nthano, nyimbo ndi nkhani za m'Baibulo. Ena angaone ngati nkhaniyi ndi yochepa pa tsiku la chikondwerero. Koma kanthu kamene kadzilankhula m'khutu la mwana wa zaka zitatu madzulo ali onse sikochepa ai, ndipo ndalama yogulira kanthuko imachoka pa ndiwo, pa sopo ndi pa feteleza.

Tiyambe ndi chimene tonse tikuchiona m'makomo mwathu. Mwana akayamba kulira mai ali pamoto, kapena akusankha nandolo, chapafupi masiku ano ndicho kumpatsa foni kuti aziona makatuni. Mwanayo amakhaladi chete, ndipo ntchito imayenda. Komatu mukafuna kumlanda foniyo, kulira kwake kumaposa koyamba kuja. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a ana osafika zaka zisanu. Linati mwana wosakwana zaka ziŵiri asamakhazikidwe pansi kuti azipenyerera kanema kapena foni, ndipo wa zaka ziŵiri kufikira zinai asapitirire ola limodzi pa tsiku, kucheperapo nkwabwino koposa. Linaonjezanso kuti pamene mwana wakhala pansi, chomuyenera ndicho kumuŵerengera buku kapena kumsimbira nkhani. Nchifukwa chake makolo m'maiko ambiri ayamba kufuna kachipangizo kopanda zithunzi, kongolankhula basi.

Ine maganizo ameneŵa ndikugwirizana nao, pakuti khutu limampatsa mwana ntchito imene diso silimpatsa. Mukamuuza mwana za Kalulu ndi Fisi, iye amadziumbira yekha Fisi wake m'mutu, kukula kwake, kununkha kwake ndi kayendedwe kake kotsimphina. Ana asanu akamvera nthano imodzi pamakhala afisi asanu. Koma kanema amawapatsa onse Fisi mmodzi wopangidwa kale, ndipo mwana amangolandira.

Tsono tisanafike pa za kumsika, tikumbutsane mmene nthano imayendera kwathu kuno. Wosimba akati "Padangotero," omvera amayankha kuti "Tili tonse," ndipo amayankhabe chomwecho mpaka nthano kutha. Pakati pake pali nyimbo imene wosimba amatsogolera, ana nkumavomera. Agogo akaona kuti kamwana kena kachita mantha, amamchepetsako Fisi uja ukali. Akaona kuti wina akusinza, amafupikitsa nthano. Akadziŵa kuti wina anaba chiponde masana, nthano ya usiku umenewo imakhala ya wakuba, ndipo mwini wake amadzimva yekha popanda kumtchula dzina. Zimenezi palibe chipangizo chimene chingazichite, ngakhale chodula chotani. Icho chimangolankhula, mwana ayankhe kapena asayankhe.

Akatswiri ena anaziyesa zimenezi. M'chaka cha 2003 mai wina wophunzira kwambiri, Patricia Kuhl, ndi anzake a pa yunivesite ya Washington ku Amereka, anatenga makanda a miyezi isanu ndi inai a m'mabanja olankhula Chingerezi. Ena anawakhazika ndi anthu olankhula Chitchaina, amene ankaseŵera nao ndi kuwaŵerengera mabuku maulendo 12. Ena anawaonetsa anthu omwewo pa kanema, ndipo ena anangowamvetsera mau okha ojambulidwa. Poyesa pambuyo pake, makanda amene anakhala ndi munthu weniweni anatha kusiyanitsa kamvekedwe ka mau a Chitchaina. Koma a kanema ndi a mau okha aja anali ngati sanamvepo chilichonse. Kotero amai amene muli ndi khanda kumbuyo, sungani ndalama yanu. Khandalo likufuna pakamwa panu ndi maso anu. Kachipangizo kamayamba kuthandiza mwana akafika zaka zitatu kapena zinai, pamene atha kutsata nkhani ndi kufunsa mafunso.

Ndipo akafika pofunsa mafunso, pafunika wamkulu pafupi. Kumbukirani mwana Samueli m'buku la 1 Samueli mutu 3. Atamva mau usiku, anadzuka nathamangira kwa Eli, katatu konse, ndipo anali Eli amene anamzindikiritsa mwini mauwo ndi kumlangiza choyankha. Ngati mwana amene anamva mau a Mulungu mwini anasoŵa munthu wamkulu womthandiza, nanga mwana amene akumva mau a kawailesi kochokera ku Limbe? Choncho ndikamanena za kusankha kachipangizo, ndikunena za kanthu kokuthandizani inu, kamene mwana adzimvera muli pomwepo mukupeta kapena mukusita, kuti akafunsa mumuyankhe.

Tsopano tione zimene zilipo. Ena a inu muli ndi ana kapena alongo anu ku Joni ndi ku Mangalande, ndipo tsiku lina adzakufunsani pa foni ngati angatumizire mdzukulu kabokosi ka nthano. Mitundu yotchuka kumeneko ndi iŵiri. Wina ndi Toniebox, umene unayambira ku Germany m'chaka cha 2016. Ndi kabokosi kofeŵa kopanda galasi, ndipo mwana akaika kachidole pamwamba pake, nkhani imayamba, akakachotsa, imaleka. Wina ndi Yoto wa ku London, umene mwana amaloŵetsamo kakhadi. Nzopangidwa mwanzeru ndithu, ndipo mwana wamng'ono atha kuziyendetsa yekha. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kabokosi kokha mtengo wake ndi wokwera, ndipo kachidole kapena kakhadi kali konse kamagulidwa pakokha. Mukudziŵa inu nomwe mmene zinthu zakunja zinakwerera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiponso kabokosiko kamafuna intaneti ya Wi-Fi kuti kayambe ntchito, ndi kuti nkhani yatsopano iloŵemo. Nkhani zake zambiri nza Chingerezi, Chijeremani ndi Chifalansa, zosimba za chipale chofeŵa ndi zimbalangondo. Ngati m'bale wanu watsimikiza mtima kutumiza, musakane mphatso. Mpempheni kuti akonzeretu zonse konko asanatumize, ndipo aikemo tizidole kapena makhadi aja opanda kanthu, amene munthu amajambuliramo mau ake. Pamenepo bambo amene ali ku Joni atha kumsimbira mwana wake nthano m'Chicheŵa, mwana nkumamva mau a bambo ake pogona. Phindu lenileni la timabokosi timeneti ine ndimaliona pamenepo.

Mtundu wina ndi wa mawailesi a Baibulo, monga Proclaimer wa bungwe la Faith Comes By Hearing, amene ena munawaonapo m'magulu omvera Mau a Mulungu. Muli Chipangano Chatsopano choŵerengedwa, amatchajidwa ndi dzuŵa kapena kupukusa ndi dzanja, ndipo amamveka kwa gulu lalikulu. Ndi chuma cha mpingo chimenechi, makamaka kwa agogo amene maso anafooka. Koma anapangidwira akulu. Mwana wa zaka zinai sangakhale pansi kumvera kalata ya kwa Aroma, ndipo simungathe kuikamo nthano zanu.

Ambiri mukukumbukiranso Tikwere, maphunziro a pa wailesi ya MBC amene anayamba kumveka m'sukulu za pulaimale cha m'ma 2008. Sukulu zinalandira mawailesi opukusa ndi a dzuŵa, ndipo ana a Sitandade 1 mpaka 3 ankaimba ndi kuŵerenga motsogozedwa ndi wailesi. Chimene ndifuna muchione pa Tikwere ndi ichi: aphunzitsi sankatuluka m'kalasi. Wailesi inkafunsa funso nkukhala chete kanthaŵi, kuti ana ayankhe ndipo aphunzitsi aloze pa bolodi. Amene anakonza maphunzirowo anadziŵa kuti popanda kuyankha palibe kuphunzira. Anangobwereka nzeru ya "Tili tonse" imene agogo athu anali nayo kale.

Kwa ambiri a ife, chimene tingathe kugula ndi kawailesi kakang'ono koloŵetsa memori khadi kapena fulashi, kamene kamapezeka m'masitolo a ku Limbe ndi pa masiku a msika ku Mbulumbuzi, ku Namitambo, ku Thumbwe ndi kwina. Musakapeputse chifukwa nkotchipa. Kakasankhidwa bwino kamaposa kabokosi ka kunja, chifukwa chimodzi chachikulu: zoikamo mumasankha ndinu.

Pogula, yambani mwafunsa za moto. Midzi yathu yambiri ilibe magetsi, ndipo ngakhale a magetsi sanaiŵale mdima umene unatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene malo opangira magetsi a Kapichira anaonongeka. Kawailesi ka mabatire otaya kamadya ndalama sabata ndi sabata, kenaka kamathera pawindo. Funani kotchaja ndi chingwe chonga cha foni, kuti sola imene mumatchajira foni izitchajanso iko. Tsegulani kumbuyo muone batire. Ambiri amakhala ndi batire yonga ya mafoni akale a Nokia, kapena yobulungira yaitali, ndipo zonsezi zimagulidwa pazokha zikatha mphamvu. Kamene batire yake anaimatira m'kati, ikafa ndiye kuti kawailesi konse kafa. Tina timabwera ndi kasola kake, tochi ndi FM. FM imeneyo musaione ngati yachabe. Ife a Chiradzulu amene tinaona namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndi zimene zinachitika kwa Ntauchira, tikudziŵa kufunika kwa wailesi yoyaka m'nyumba pamene mvula yakana kuleka.

Kenaka onani mabatani. Mwana amafuna mabatani akuluakulu, oŵerengeka, omveka akadinidwa. Tilipo tina tokhala ndi manambala kuyambira 0 mpaka 9, ndipo timeneti ndimatikonda, pakuti mwana amaphunzira msanga kuti akadina 3 kubwera Kalulu, akadina 5 kubwera Nowa ndi chingalaŵa. Manambala amawadziŵira pomwepo asanapite nkusukulu komwe. Yesaninso ichi muli pa sitolo pomwepo: yatsani nkhani, ifike pakati, zimitsani, nkuyatsanso. Kabwino kamapitiriza pamene kanalekera. Kena kamabwerera poyambirira nthaŵi zonse, ndipo mudzamva chiyambi cha nthano imodzi mpaka mutu kuŵaŵa. Pitani ndi khadi yanu yoyesera, musapereke ndalama musanamve ndi makutu anu, ndipo kumene amalemba lisiti, itengeni. Za magetsi ophethira ofiira ndi obiriŵira aja, amenewo ndi a achinyamata. Amangotha batire ndi kuthaŵitsa tulo ta mwana.

Za makutu ndilankhule motsindika. Boma lathu lino ndilo likusunga sukulu ya ana osamva ya Maryview ku Nguludi, pamodzi ndi koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi ao, kotero sitifunika kuuzidwa kuti kumva ndi mphatso ya mtengo wapatali. Phokoso lalikulu limaononga tinthu tating'ono ta m'kati mwa khutu, ndipo tikaonongeka sitimeranso. A WHO amalangiza kuti zomvera za ana zisapitirire muyeso wa madesibelo 75 kwa maola 40 pa sabata. Ife tilibe choyezera, koma tili ndi njira yathu: ngati muli chifupi ndi mwana, pamtunda wa mkono umodzi, ndipo mukuchita kukweza mau kuti akumveni, kawailesiko kakwera mopitirira. Mwana asamakagunditse kukhutu, asamagone nako pamutu, ndipo mahedifoni musampatse. Kupatula kuononga makutu, mahedifoni amakutsekerani inu kunja, simudziŵa chimene mwana akumva. Mukaona kuti mwana akungofuna kukweza voliyumu nthaŵi zonse, kapena khutu likutuluka mafinya, pitani naye kuchipatala msanga.

Chenjezo lina ndi la tinthu tomezeka. Memori khadi njochepa ngati chikhadabo, choncho ikaloŵa matanipo ndi selotepi. Choopsa koposa ndi timabatire tating'ono tophwatalala tonga ndalama yachitsulo, timene timakhala m'marimoti, m'mawotchi ndi m'zidole zolira. Mwana akameza kamodzi nkukakamira pakhosi, kamatha kuotcha njira ya chakudya m'maola aŵiri okha. Zikatero musadikire kuti kucha, ndipo musamsanzitse. Thamangani naye kuchipatala. Potchaja, kawailesi kakhale patali ndi mwana. Padzuŵa pazikhala sola yokha, kawailesi kali pamthunzi, ndipo batire ikatupa ichotseni.

Tsono tafika pa mtima wa nkhani yathu, ndiwo zoika m'khadi. Khadi ya 4GB itha kusunga mau a maola oposa 60, kotero palibe chifukwa chogulira yaikulu yodula. Mwana akhale ndi khadi yakeyake, yosiyana ndi ya bambo kapena ya achimwene ake. Mukapita kwa anyamata obena nyimbo pa msika, musangosiya khadi nkunena kuti "mundiikiremo za ana," inu nkupita kukagula tomato. Ndinamvapo kamwana ka Sande Sukulu kakuimba mokoma nyimbo imene mau ake sindingawabwereze m'nyumba ya Mulungu muno, ndipo mai ake anali asanaimveko khadiyo nkamodzi komwe. Anyamatawo si oipa ai, amangokopera zimene anthu ambiri amapempha. Imani pomwepo, tchulani chimodzichimodzi chimene mukufuna, ndipo mukafika kunyumba mverani zonse inu poyamba.

Koma nthano za Chicheŵa zojambulidwa bwino, zoyenera ana aang'ono, sizipezeka wambawamba pa msika. Nanga za Chilomwe ndi Chiyao, zilankhulo zimene agogo ambiri kuno analeredwa nazo, ndipo adzukulu ao sakuzimva? M'zaka za m'ma 2010 a National Library Service pamodzi ndi nthambi ya UNESCO ya kuno ku Malaŵi anayenda m'maboma kujambula nthano kwa akuluakulu, poona kuti osimba akutha. Inali ntchito yotamandika. Koma sakanatha kufika pakhomo pali ponse. Nthano zimene amai anu ankasimba kwa Kadewere kapena kwa Mpama, ndi nyimbo zake momwe ankaziimbira iwo, zili m'mutu mwa anthu oŵerengeka, ndipo ena a iwo akhala pa mabenchi ano lero atavala zoyera. Chaka chili chonse Mvano imaperekeza ena a iwo kumanda, tikuimba, ndipo nthano zao zimapita nao.

Chida chojambulira tili nacho kale. Pafupifupi foni iliyonse, ngakhale yamabatani, ili ndi pojambulira mau. Pemphani agogo mwaulemu, muwauze chimene mukufuna kuchita ndi mau ao, ndipo akakana musawakakamize. Sankhani nthaŵi ya madzulo, m'nyumba, kutali ndi chigayo ndi atambala. Foni ikhale pa mpando kapena pa nsalu yopinda pafupi ndi pakamwa pao, osaigwira m'manja. Ndipo chachikulu ndi ichi: musawajambule ali okha. Itanani ana atatu kapena anai akhale pamphasa, kuti aziyankha "Tili tonse" ndi kuvomera nyimbo. Agogo amasimba mokoma akamaona nkhope za ana, ndipo mwana amene adzamvere pambuyo pake akamva anzake akuyankha, nayenso amayankha. Mukatero mwaika m'kawailesi muja kadanga koti mwana alankhulepo. Kwa ana a zaka zitatu kapena zinai nthano isapitirire mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziŵiri. Za mizukwa ndi afiti zisiyeni, pakuti mwana adzazimva mobwerezabwereza mumdima, popanda agogo omugwira dzanja.

Pali kamsampha kamodzi. Mafoni ambiri amasunga mau ojambulidwa mu mtundu wotchedwa AMR kapena M4A, pamene timawailesi tambiri timaŵerenga MP3. Mukaika khadi nkupeza kuti sikulira, musaganize kuti mau a agogo atayika. Pitani kwa wa kompyuta mukamuuze kuti awasandutse MP3, awapatse manambala 01, 02, 03, ndi kuwakopera m'khadi motsatana. Ntchito imeneyi apatseni achinyamata a mumpingo, amaidziŵa kuposa ife, ndipo mwina potero nawonso adzamva nthano zimene sanazimvepo. Sungani zonse pa malo aŵiri, chifukwa khadi imafa mosachenjeza.

Nkhani za m'Baibulo nazonso tingathe kuzijambula chimodzimodzi, m'mau osavuta a pakhomo: Mose m'kabasiketi pa mtsinje, Davide ndi nkhosa za atate ake, Zakeyu mumtengo, mwana uja wa mikate isanu ndi nsomba ziŵiri. Paulo polembera Timoteo anatchula agogo ake a Loisi ndi amai ake a Yunike monga anthu amene chikhulupiriro chinayambira mwa iwo. Timoteo anayamba kumva Malembo m'mau a anthu a m'nyumba mwake. Tili nao pakati pathu amai amene aphunzitsa Sande Sukulu zaka makumi atatu, odziŵa pokweza mau ndi ponong'ona. Tiwajambule pamodzi ndi makorasi ndi pemphero lalifupi la pogona.

Sikuti banja lili lonse liyenera kugula kake. Amai a m'dera limodzi mungathe kusonkherana, kapena kupatula pang'ono pogaŵana za banki mkhonde, nkugula kamodzi kolimba kamene kazikhala ku sukulu ya mkombaphala m'kati mwa sabata ndi ku Sande Sukulu tsiku la Sabata. Pakhale mai mmodzi wodziŵika wokasunga ndi kukatchaja, ndi kabuku kolembamo wobwereka, chifukwa katundu wa gulu wopanda mwini sachedwa kusoŵa. Alezi a ku mkombaphala aziimitsa nkhani pakati nkufunsa ana kuti, "Kodi Kalulu achita chiyani tsopano?" Ikatha, ana aisimbe okha ndi kuiseŵera.

Pempho langa kwa amai wapampando ndi komiti ndi ili. Dera lili lonse litipatse maina a amai kapena abambo achikulire aŵiri odziŵa nthano, amene avomera kujambulidwa, ndipo mainawo afike kwa alembi pa msonkhano wathu wa mwezi wa maŵa. Tiyambire kwa amene ali okalamba koposa ndi amene akudwaladwala, ndipo tichite dzinja lisanafike, pakuti mvula ikamagunda pa malata mau samveka. Amene muli ndi mafoni ojambula bwino, muonane ndi alembi tikatuluka muno, musanapite ku chakudya.